Kukodwa m'cisanu pa msewu: zoyenera kucita kuti mupulumuke

Ife a ku Angonia timati cisanu timacidziwa. Mu Juni ndi Julayi, ku Ulongwe ndi ku Tsangano, munthu amadzuka mano akugundana, madzi a mu ndowa ali zii. Ku Lichinga nakonso n'cimodzimodzi. Koma pali cisanu cina cimene ambiri a ife sitinacionepo ndi maso. Cimagwa kucokera kumwamba ngati ufa, n'kukwirira minda, nyumba ndi misewu, ponseponse mbuu! Pa Cinyanja timati cipale cofewa. Pa Ciputukezi amati neve.

Cipale cofewa ndi madzi ndithu. Kumwamba kukazizira kwambiri, nthunzi ya m'mitambo imaundana n'kumagwa ngati tinthenga toyera. N'cosiyana ndi matalala. Matalala ndi olimba, amagwa ndi phokoso, amaboola masamba a fodya n'kutha msanga. Ici cimagwa mwakacetecete, ndipo cingathe kugwa usiku wonse.

Mwina mukuti, "Nanga kwathu kuno sicigwa, tiwerengerenji za ico?" Yankho lake ndi lakuti abale athu ambiri amayenda. Ena amayendetsa malole. Ena amakwera basi kudzera ku Cuchamano, Harare ndi Beitbridge kupita ku Joni kukafuna nchito kapena kukaoda katundu. Ku South Africa cipale cofewa cimagwa m'mapiri pafupifupi caka ciliconse, ndipo cimatseka misewu. Ngakhale mu mzinda wa Johannesburg cinagwa pa 10 Julayi 2023. Munthu wocokera ku dziko lotentha ndi amene cimamupeza asanakonzeke.

Zimene zinacitika pa msewu wa N3

Msewu wa N3 umacokera ku Johannesburg kupita ku Durban. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 580. Pamadutsa malole ambiri usana ndi usiku cifukwa ku Durban kuli doko lalikulu la sitima za m'madzi. Pakati pa matauni a Harrismith ndi Ladysmith, msewu umenewu umadutsa m'mapiri a Drakensberg, pa malo ochedwa Van Reenen's Pass. Pamwamba pake ndi pokwera mamita pafupifupi 1,700 kucokera pa nyanja ya mcere. Ndi pokwera kuposa Ulongwe, kuposanso Lichinga.

Lacisanu pa 20 Seputembala 2024, cipale cofewa cinayamba kugwa m'dera limeneli. Onani mwezi wake: Seputembala, nthawi imene ku Tete dzuwa limakhala likuswa mtengo. Ndani akanaganiza zonyamula bulangeti? A zanyengo a ku South Africa anali atacenjeza kale, koma anthu ambiri ananyamuka ulendo, poti kunali kuyandikira chuthi ca pa 24 Seputembala.

Malole anayamba kulephera kukwera phiri. Matayala ankangozungulira pamodzimodzi. Ena anapingasa pa msewu. Kumbuyo kwawo kunapangika mzere wautali wa magalimoto mazanamazana: malole, mabasi, maminibasi, magalimoto ang'onoang'ono okhala ndi ana mkati. Kutsogolo kosapitika, kumbuyo kosabwereka. Anthu anagona momwemo usiku wonse, ndipo ambiri anakhalabe pomwepo tsiku lonse la Loweruka. Apolisi, a maambulansi ndi anthu ena acifundo anayesetsa kuwafikira ndi mabulangeti ndi cakudya cotentha, koma iwonso njira inali yotsekeka. Mayi wina wa zaka 39, amene anagona usiku umenewo mu minibasi, anamwalira cifukwa ca kuzizidwa.

Mayi ameneyu sanacite ngozi ya kugundana. Galimoto sinagubuduzike. Cinamupha ndi cisanu basi.

Kodi cisanu cimapha bwanji?

Thupi la munthu lili ngati nyumba imene muli moto. Moto wake umacokera ku cakudya cimene timadya. Munthu wabwinobwino thupi lake limatentha madigiri 37, monga mmene amapimira ku cipatala. Kunja kukazizira, kutentha kumeneku kumathawa kudzera pa khungu ndi mu mpweya umene tikupuma. Kukathawa msanga kuposa mmene thupi likukupangira, munthu amayamba kuzizira mkati. Akatsika kupyola madigiri 35, ndiye kuti wayamba kudwala matenda a cisanu.

Zinthu zitatu zimafulumizitsa vutoli: kunyowa, mphepo ndi njala. Covala conyowa cimakoka kutentha kwa thupi msanga kwambiri. Mphepo imaulutsa kampweya kofunda kamene kamakhala pakati pa khungu ndi covala. Njala ndiye kusowa nkhuni za moto uja.

Poyamba munthu amanjenjemera. Kunjenjemera si koipa ayi, ndi njira ya thupi yodzitenthetsera. Kenaka manja amauma, munthu amalephera kumanga batani kapena kugwira foni. Amayamba kulankhula mokoka lilime ngati waledzera. Amasokonezeka mutu, amayankha zosagwirizana ndi funso, amafuna kugona. Coopsa kwambiri ndi ici: munthu akazizidwa kwambiri amasiya kunjenjemera. Amene ali naye pafupi amaganiza kuti wapeza bwino, pamene zinthu zafika poipa. Ena amafika povula zovala, amvekere, "Kukutentha." Mukaona zotere, dziwani kuti moyo uli pa ciswe.

Amene cisanu cimayamba kuwagwira ndi makanda, ana aang'ono, okalamba, odwala, ndi munthu amene wamwa mowa. Za mowa tinene pompano. Anthu amati kacasu amacotsa cisanu. Ndi bodza limenelo. Mowa umatsegula timitsempha ta pa khungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja. Munthu amamva kufunda, koma kutentha kwa mkati kukuthawa. Ndiponso woledzera sazindikira kuti wazizidwa.

Musananyamuke

Ambiri amene mukuwerenga pano simuyendetsa galimoto. Mumakwera basi kapena shapa. Conco tiyambe ndi inu.

Pa ulendo wautali katundu amaikidwa kunsi kwa basi, pa denga, kapena mu ngolo ya kumbuyo, atamangidwa ndi zingwe n'kukutidwa ndi lona. Bulangeti lanu likakhala m'menemo, usiku wa cisanu simulipeza. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ndi wa mphepo. Khalani ndi kacikwama ka pa miyendo. M'menemo mukhale bulangeti kapena makapulana awiri atatu, juzi, cipewa ca ulusi cophimba makutu, masokosi ouma, botolo la madzi, ndi cakudya cosawonongeka msanga monga mtedza wokazinga, buledi, mabisiketi kapena mbatata yophika. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, akhale m'kacikwama komweko, okwanira masiku angapo kuposa a ulendo. Mwana wa m'manja akhale ndi zovala zosinthira ndi matewera okwanira.

Kavalidwe nakonso kali ndi nzeru yake. Zovala zitatu zopepuka, cina pamwamba pa cinzake, zimafunda kuposa cijasi cimodzi cacikulu, cifukwa pakati pake pamatsekeredwa mpweya wofunda. Valani nsapato zotseka. Mapatapata ndi a kunyumba. Tengani mapepala a pulasitiki awiri: mukafuna kutsika kunja, muvale pamwamba pa masokosi, kenaka nsapato, kuti mapazi asanyowe.

Foni ikhale yodzaza moto. Lembani manambala ofunika pa pepala, osangodalira foni. Ku South Africa nambala ya 112 imaimbika pa foni ya m'manja ngakhale mulibe mayunitsi. Apolisi ndi 10111, ambulansi ndi 10177. Kampani yosamalira cigawo ca N3 cimene cimadutsa pa Van Reenen ili ndi nambala yakeyake yothandiza apaulendo, 0800 63 4357. Uzaninso m'bale wanu njira imene mudzere ndi nthawi imene mukuyembekeza kufika. Mukapanda kufika, iye ndi amene ayambe kufunsa.

Tsopano kwa inu madalaivala. Coyamba ndi kumvera za nyengo. Pa wailesi, pa foni, ngakhale kufunsa anzanu pa malo omwetsera mafuta amene angotsika kumene phirilo. Akati ku mapiri kugwa cipale cofewa, imani pa tauni yomaliza mudikire. Tikudziwa kuti bwana amaimba foni kufunsa kuti katundu ali pati. Koma kucedwa tsiku limodzi pa malo pamene pali cimbudzi ndi tiyi kuli bwino kuposa kucedwa masiku awiri pamwamba pa phiri.

Thanki isatsike kupyola theka. Mafuta amenewo si oyendera okha, ndi amene adzakufunditseni mukakodwa. Yang'anani batire, poti batire yotopa imafa m'mawa wozizira. Yang'anani matayala: tayala lakutha, losalala ngati mutu wa dazi, siligwira kanthu pa msewu woterera. Mawaipa ndi magetsi onse azigwira nchito.

Pali cinthu cimodzi cimene ife a kuno timalakwitsa kawirikawiri. Mu rediyeta timathira madzi wamba, a pa mjigo kapena a mu mtsinje. Madzi amaundana akafika pa digiri 0, ndipo akaundana amafufuma. Angathe kung'amba rediyeta, mapaipi, ngakhale injini imene. M'masitolo a zipangizo za galimoto amagulitsa madzi a mtundu wobiriwira kapena wofiira oletsa kuundana. Pa botolo amalemba kuti antifreeze kapena anticongelante. Sakanizani monga mmene alembera pa botolopo. Dizilo nayenso kukazizira kwambiri amalimba ngati phala n'kutseka sefa, injini n'kukana kulira.

M'galimoto mukhale matriyangulu awiri ndi kolete yowala, zimene malamulo a kuno ku Mozambique amafuna kale. Onjezani toci, fosholo yaing'ono, cingwe cokokera, mawaya olumikizira batire, mabulangeti, madzi a malita asanu, ndi kathumba ka mcenga. Mcenga ndi wothira pansi pa matayala akamaterera.

Kuyendetsa pa msewu woterera

Amene anayendetsapo pa matope a dothi lofiira mu Febuluwale ali ndi poyambira. Madzi oundana amaterera ngati matope amenewo, koma kuposa pamenepo. Malamulo a pamsewu a ku Britain, kumene cisanu cotere ndi ca caka ndi caka, amati pa msewu woundana galimoto ingathe kufuna mtunda wotalika kakhumi kuti iime. Ndiye kuti pamene mumaima pa mamita 20, mungathe kukaima pa mamita 200. Amenewo ndi mabwalo awiri a mpira. Conco siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo.

Ciliconse citani pang'onopang'ono. Kuponda mafuta, pang'onopang'ono. Mabuleki, pang'onopang'ono. Kukhota, pang'onopang'ono. Ponyamuka yambani ndi giya yaciwiri kuti matayala asazungulire pamodzimodzi. Potsika phiri lowetsani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, injini izikugwirirani. Galimoto ikayamba kuterera, kumbuyo kukuthawira ku mbali, cotsani phazi pa mafuta, osaponda mabuleki mwamphamvu, ndipo tembenuzirani ciwongolero ku mbali imene kumbuyoko kukuthawira. Ngati galimoto yanu ili ndi mabuleki a ABS ndipo mukufunika kuima mwadzidzidzi, pondani ndi kugwiritsa. Mumva pedulo ikunjenjemera, musacite mantha, ndi mmene imagwirira nchito.

Cipale cofewa cimaoneka. Cimene sicioneka ndi madzi amene aundana pamwamba pa phula, opyapyala ngati galasi. Msewu umangooneka ngati wanyowa. Amapezeka kwambiri m'bandakuca, pa milatho, ndi m'makona a mthunzi kumene dzuwa silifika. Mukamva kuti phokoso la matayala lasiya mwadzidzidzi, ciwongolero capepuka m'manja, muli pamwamba pake.

Mu nkhungu kapena cipale cikamagwa, yatsani magetsi apansi. Magetsi akutali amagunda nkhunguyo n'kubwerera m'maso mwanu. Galasi la kutsogolo likaundana musathirepo madzi otentha, lingasweke. Palani ndi kakhadi ka pulasitiki.

Mwakodwa. Tsopano mutani?

Tinene kuti zonse zakanika. Mzere waima, mdima wagwa, cipale cikungogwa. Lamulo lalikulu ndi limodzi: khalani m'galimoto.

Mtima umakuuzani kuti, "Ndiyende wapansi, pa tauni si patali." Musaumvere. Usiku, mphepo ikamaulutsa cipale, munthu saona ngakhale mamita ocepa kutsogolo. Msewu, ngalande ndi munda zonse zimafanana. Mapazi amanyowa, mumatopa, mumakhala pansi kuti mupume pang'ono, basi osadzukanso. Galimoto imachinga mphepo, mkati mwake ndi mouma, ndipo ofuna kukupulumutsani amaona galimoto msanga kuposa munthu. Tulukani pokhapokha ngati nyumba kapena malo omwetsera mafuta mukuwaona ndi maso, pafupi, osapyola mamita 100.

Pali nthawi imodzi imene lamuloli limasintha. Ngati galimoto yanu yafera pa msewu pamene magalimoto ena akuthamangabe, makamaka mu nkhungu, coopsa cacikulu ndi kugundidwa kumbuyo. Pamenepo yatsani magetsi ophethira, ikani matriyangulu, tengani mabulangeti, anthu onse akaime kuseri kwa zitsulo za m'mbali mwa msewu mpaka ngoziyo itacepa.

Imbani foni kamodzi, munene bwinobwino pamene muli, anthu angati, ndiponso ngati pali mwana, wodwala kapena mayi woyembekezera. M'misewu ikuluikulu ya ku South Africa muli tizikwangwani ta buluu m'mbali mwa msewu pa mamita 200 alionse. Pamalembedwa dzina la msewu ndi nambala ya kilomita. Werengani zimenezo, ndi zimene a ambulansi amafuna. Mukatha, sungani moto wa foni. Si nthawi yoonera mavidiyo kapena kutumiza zithunzi pa Facebook. Ikani foni m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi, cifukwa batire ya foni imatha msanga ikazizidwa. Ngati muli ambiri, zimitsani mafoni ena, muzigwiritsa nchito imodzi imodzi. Mangani kapulana yowala pa citseko kapena pa galasi la m'mbali kuti muoneke.

Tsopano mvetserani bwino nkhani ya injini, cifukwa apa ndi pamene anthu amafera osadziwa.

Za mbaula mukuzidziwa. Nthawi yozizira timamva za anthu amene analowetsa mbaula ya makala m'nyumba, n'kutseka citseko ndi mawindo, m'mawa n'kupezeka atafa onse. Cimawapha ndi mpweya woipa wochedwa kaboni monokisaidi. Ulibe fungo, ulibe mtundu, suyabwa m'maso. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino. Munthu amamva mutu, cizungulire, mseru, kenaka tulo. Tulo take sadzuka nato.

Injini ya galimoto imatulutsa mpweya womwewo kudzera pa paipi ya utsi, ekizozi ija. Masiku onse mpweyawo umapita kunja n'kuuluka. Koma cipale cikaunjikana n'kutseka paipiyo, kapena kukwirira kunsi kwa galimoto, mpweyawo umasowa kolowera n'kubwerera mkati mmene muli anthu. Mu Januwale 2022, ku Murree, tauni ya m'mapiri ku Pakistan, anthu ambirimbiri anapita kukaona cipale cofewa, magalimoto awo n'kukodwa usiku. Anthu oposa 20 anafera m'magalimoto, ana omwe. Ena anafa ndi cisanu, ena ndi mpweya umenewu, atatseka mawindo onse injini ikulira.

Ndiye citani motere. Musanalize injini, tulukani mukacotse cipale kuzungulira paipi ya utsi. Lizani injini ndi hita kwa mphindi 10 zokha pa ola lililonse, kenaka zimitsani. Pamene ikulira, tsegulani windo pang'ono, mpata wa cala cimodzi kapena ziwiri, ku mbali imene mphepo sikucokera. Ola likakwana, pitani mukaonenso paipi ija. Mukatero, usiku wa maola 12 injini ikhala italira maola awiri okha, ndipo mafuta akukwanirani. Ngati galimoto ya kutsogolo yayandikana nanu kwambiri ndipo utsi wake ukulowa kwa inu, kambiranani ndi mwini wake.

Mbaula isalowe m'galimoto. Kasitovu ka gasi kamene madalaivala a malole amaphikira nsima, kasayatsidwe mu kabini yotseka. Wina akayamba kudandaula mutu kapena cizungulire, makamaka ngati ndi anthu angapo nthawi imodzi, zimitsani injini, tsegulani zitseko, atuluke apume mpweya wabwino.

Musagone nonse nthawi imodzi. Gawanani maola ngati pa maliro: ena akugona, wina ali maso. Amene ali maso ndiye woyang'anira injini, paipi, ndi magetsi a anthu obwera kudzathandiza. Azidzutsanso anzake nthawi ndi nthawi kuti aone ngati akuyankha bwino. Ngati muli nokha, musagone injini ikulira.

Nanga mphindi 50 zija injini ili cete? Valani zonse zimene muli nazo musanayambe kunjenjemera. Phimbani mutu ndi khosi. Masulani lamba ndi zingwe za nsapato ngati zathina, kuti magazi aziyenda. Khalani moyandikana, bulangeti limodzi anthu awiri atatu. Pano manyazi alibe nchito, ngakhale amene mwakhala naye simukumudziwa. Ana akhale pakati pa akuluakulu. Khanda liikeni pa cifuwa ca mayi, khungu kukhudza khungu, mkati mwa zovala, ku mutu kuli kacipewa, monga mmene anamwino amaphunzitsira za ana obadwa masiku asanakwane. Nkhope yake ikhale poyera kuti lizipuma, ndipo liziyamwa pafupipafupi. Makatoni, manyuzipepala, matumba, ngakhale timakapeti ta pansi pa galimoto, zonsezi zimafunda mukaziika mkati mwa jekete kapena kuchingira mawindo. Mapazi asagunde pa citsulo ca pansi, pondani pa cikwama. Gwedezani zala za ku manja ndi za ku mapazi, ombani m'manja, pindani ndi kutambasula miyendo. Cezani, imbani nyimbo, kuti wina asangoti zii osadziwika.

Idyani pang'ono pang'ono, koma kawirikawiri. Imwani madzi ngakhale simukumva ludzu. Madzi akatha musadye cipale ngati mmene ana amadyera matalala, cimaziziritsa thupi mkati. Cikokereni m'botolo, cisungunuke pafupi ndi hita, ndiye mumwe. Pofuna kutaya madzi musapite patali, kuseri kwa galimoto n'kokwanira, ndipo azimayi aperekezane awiri awiri atachingana ndi kapulana. Pobwera sansani cipale pa zovala musanalowe, cisasungunukire mkati.

Abambo, cenjerani ndi kukankha galimoto kapena kufosholo kwa nthawi yaitali. Mumatuluka thukuta, malaya amanyowa, ndipo mukangokhala pansi cisanu cimakulowani kawiri. Kwa munthu wamkulu kapena wa vuto la mtima, nchito yolemetsa m'cisanu ingathe kuimitsa mtima.

Ngati wina wazizidwa kwambiri

Mwaona kuti mnzanu akulankhula mokoka lilime, akusokonezeka, kapena wasiya kunjenjemera pamene thupi lake lili zii. Imbaninso 112 munene kuti pali wodwala. Podikira, muvuleni zovala zonyowa, mumuveke zouma. Mugonekeni pa mpando, osati pa citsulo. Yambani kufunditsa pakati pa thupi: cifuwa, khosi, mutu ndi m'mimba. Munthu wina wofunda agone naye m'bulangeti limodzi atamukumbatira. Ngati ali maso ndipo angathe kumeza, mupatseni tiyi wofunda wa shuga wambiri. Ngati akuodzera kapena wakomoka, musamumwetse kanthu, angatsamwe.

Mugwireni mofatsa. Musamugwedeze, musamuyendetse, musamutikite manja ndi miyendo. Ife tinazolowera kuti wozizidwa timamutikita, koma kwa munthu amene wazizidwa mpaka mkati, zimenezi zimathamangitsira magazi ozizira ku mtima, mtima n'kusokonezeka. Ndiponso musafulumire kunena kuti wamwalira. Munthu wozizidwa kwambiri amapuma pang'ono zedi, mtima wake umagunda motalikiratalikira, mwakuti amaoneka ngati watisiya pamene akadali moyo. Pitirizani kumufunditsa mpaka a cipatala atafika.

Cisanu cimaumitsanso zala, makutu ndi mphuno. Malowo amacita dzanzi, amalimba, khungu limatuwa. Ikani zala m'khwapa mwanu, kapena mapazi pa mimba ya mnzanu. Musazitikite, musazipake cipale, ndipo musaziyandikize pa moto kapena pa paipi ya utsi. Cala ca dzanzi cimapsa mwini wake osamva.

Zimenezi si za ku Joni kokha. Munthu angathe kudwala matenda a cisanu ngakhale kumene madzi saundana, bola pali mphepo ndi kunyowa. Amene amakwera pamwamba pa matumba a mbatata pa lole usiku wa mu Julayi kucokera ku Tsangano, kapena woyendetsa njinga yamoto amene wanyowa ndi mvula ya mawawa m'bandakuca, zizindikiro zake ndi zomwezi, ndipo cithandizo cake n'comweci.

Msewu ukatsegulidwa, musathamange kuti mubweze nthawi imene yatayika. Cipale cimene casungunuka masana cimaundananso usiku. Dalaivala amene wacezera usiku wonse aime pa tauni yoyamba, adye cotentha, agone.

Amene anakomoka, amene anapuma utsi, kapena amene zala zake zacita matuza kapena zada, apite ku cipatala tsiku lomwelo ngakhale akuti ali bwino. Abale athu ena ku South Africa amaopa cipatala ndi ambulansi cifukwa mapepala awo si okwanira. Malamulo aakulu a dziko limenelo, pa gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe cithandizo ca cipatala pa nthawi ya ngozi. Mawu akuti munthu aliyense akuphatikiza ndi mlendo yemwe.